Vanishi pa Mfuti ya Baba

Amene mwaima pakhomopo lowani, tsekani chitseko, kuzizira kwa AC kukuthawira panja. Pa kapetipo malo alipo, fupikiranani.

Ine ndine Lameki, wa ku Mchesi, ku Lilongwe. Ambiri mumandidziwa ngati gadi wa pamalo oimika magalimoto kuseri kuno ku Bin Mahmoud, mu Qatar muno. Ena mumandidziwa ndi dzina lina lija, Vanishi, ndipo mumalitchula ndikatembenuka. Ndimamva, makutu anga sanafe. Lero mumve kumene dzinalo linachokera, chifukwa muno ndikuona nkhope ziwiri zitatu zimene zikuganiza zothawa kwa kafili, bwana amene dzina lake lili pa viza yanu. Nkhope zotere ndimazidziwa, maso ake sachoka pachitseko.

Ndinakulira mu shedi ya malemu bambo anga, kukhoma mabokosi a maliro, makabati ndi mipando. Ku Mchesi lamulo ndi limodzi: chosawala sichigulika. Thabwa lingakhale ndi zibowo ngati msewu wa dzinja, iwe ulitsekere, ulikwechese sandipepa, ulipake vanishi mpaka munthu adzionerepo nkhope. Pa ntchito imeneyo ndinali katswiri, ndipo ndinkadzimva.

Amene anandibweretsa kuno ndi achemwali anga a Felesiya. Iwo anatsogola, ankagwira ntchito ya m'nyumba cha ku Rawdat Al Khail kwa zaka zambiri, moti Chiarabu ankachilankhula ngati anabadwa nacho. Anagwada kwa bwana wa nyumbayo, amene tonse tinkamutchula kuti Baba, nkumuuza kuti, “Mlongo wanga ali ndi manja abwino, ndipo samwa.” Nthawi imeneyo zonse ziwiri zinali zoona. Baba anatumiza viza chifukwa cha mawu a achemwali okha, ine asanandionepo.

Tsono Baba anali ndi matenda ake. Ena amasunga mahatchi, ena mbalame zosakira zija. Iye ankasonkhanitsa mfuti zakale za asilikali a ku Amereka, za pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Zinali mu kabati yagalasi mu majilisi, chipinda chochezeramo amuna. Si mfuti zimene mumaona ndi apolisi ayi. Izi ndi za bawuti: ukaomba kamodzi, utukule kachitsulo ka m'mbali, ukokere kumbuyo, ukankhe, utsitse, ndiye uombenso. Zonse zinali ndi mapepala a boma, ndipo zinatsekedwa mkati, sizikanapha ndi nkhunda yomwe. Mfuti imodzi Baba ankatha kuidikira miyezi, ikafika nkumayenda m'nyumba ngati wabadwitsa mwana.

Alendo akabwera, ine ndikuthira khofi, Baba amavala magolovesi oyera, nkutulutsa imodzi. Amayatsa katochi, nkumawaonetsa anzake timadontho tina pathabwa, onse nkumagwedeza mitu. Amalankhula Chiarabu, ine sindinkatolapo kanthu. Chimene ndinkaona ine ndi thabwa lakuda bii, lonona ndi mafuta akalekale, lokandikakandika, lina lobooka ngati analigenda. Mtima wa kalipentala unkandiwawa. Ndinkati munthu wolemera chonchi, nkumaonetsa alendo zinthu zauve chotere, koma alibe womuuza?

Nthawi yotentha itafika banja lonse linapita kunja, achemwali anapita nawo kukasamala ana. Mukudziwa chinyontho cha mu Ogasiti, chitsulo chimachita dzimbiri ukuchiyang'ana. Baba anandipatsa kiyi wa kabati, nkundionetsa yekha: kansalu, dontho limodzi la mafuta, kupukuta chitsulo chokha. Kenako analoza thabwa nkunena kuti, “Wood, no touch, Lameki. No touch.” Achemwali anabwereza m'Chichewa kuti ndisadzanamizire chilankhulo: “Wamva? Thabwalo usalikhudze.”

Ndinati ndamva. Koma mumtima ndinati, mkuluyu akunena choncho chifukwa sanaonepo mmisiri wa ku Mchesi. Anazolowera anthu oononga. Ndimukonzere imodzi yokha, aone, zinazo adzachita kundipempha.

Ndinasankha yonyansa kuposa zonse, imene iye ankaitulutsa kawirikawiri. Ndinamasula thabwa lake bwinobwino. Pamene panali pobonyoka ndinaikapo nsalu yonyowa nkusita ndi ayironi mpaka thabwa linafufuma nkubwerera. Ndiye sandipepa, wokhakhala poyamba, wosalala pomaliza. M'mbali munali kachidindo kofufutika, zilembo m'kabokosi, ndinakakwecha kanatha. Cha kumapeto, pamene mfuti imatsamira paphewa, wina anajobapo zilembo ziwiri ndi nsonga ya mpeni, zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wanu. Zimenezo zinalowa kwambiri, zinanditengera masana athunthu. Chitsulo chinali chotuwa mobiriwira, ndinachikwecha ndi waya wotsukira mapoto mpaka chinang'anima ngati supuni yatsopano. Pomaliza vanishi, kupaka, kuuma, kupakanso. Ndikuuzeni zoona, abale, m'moyo mwanga sindinagwirepo ntchito yokongola ngati imeneyo. Safunsa anadya phula.

Tsiku limene anabwera ndinaiyala pansalu yoyera pakati pa majilisi, ine nkuima pambali manja kumbuyo, kudikira sikomo. Baba analowa, anavula nsapato, anaiona. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anaitola popanda magolovesi, nkumayendetsa chala pamene panali kachidindo kaja, kenako pamene panali zilembo zija, uku ndi uku, ngati munthu wofufuza ndalama m'thumba lobooka. Ndiye anakhala pansi, pakapeti penipeni, munthu wamkulu wa imvi zake. Anati, “Haram, Lameki,” ndiko kuti wachimwa. Patapita nthawi anati, “Bukra,” kutanthauza mawa, nkulowa m'nyumba.

Kunyumba yoyandikana nayo kunali gadi wa kwathu, Dikisoni. Nditamufotokozera anagwira pakamwa. Anati, “Aise, nkhani ya mfuti kuno si ya masewera. Bukra ameneyo ndi shurta, apolisi. Ukalowa sutulukanso. Ine ndikudziwa malo ku dera la Old Airport, anthu amakhala popanda mapepala, mafi mushkila, palibe vuto.”

Mawa lakelo linali Lachisanu. Masana, amuna onse ali ku mzikiti, ndinanyamula kachikwama ka zipangizo zanga. Ndinadutsa pawindo la kukhitchini, ndikumva achemwali akutsuka mapoto, ndipo sindinagogode. Simu khadi ndinaiponya mu ngalande. Ndinkadziwa bwino kuti holide ya achemwali inali mu Disembala, kuti amayi athu kumudzi anali akudwala, ndiponso kuti masiku amenewo munthu sukanakwera ndege popanda ekiziti, chilolezo chosainidwa ndi kafili. Zonsezo ndinkazidziwa, koma ndinathawa mfuu yanga yomwe.

Za ku Old Airport ndifupikitsa, ena muno munagonako. Nyumba yogawidwa ndi mapulaiwudi, aliyense kachipinda kongokwana matiresi, mnzako akatsokomola umamva ngati ali m'khutu mwako. Ndinkagwira maganyu, kunyamula katundu, kutsuka magalimoto. Wina akakana kukulipira, ukadandaula kwa ndani, iwe wothawa? Sairini ikalira kumsewu ndinkadzuka nkumamvetsera pachitseko. Tulo kunalibe. Ndiye wina anandipatsa sadiki, kachasu wa kuno, amene amabwera m'mabotolo a madzi akumwa kuti asadziwike. Kapu yoyamba ndinagona bwino. Yachiwiri ndinagula ndekha.

Ndinagulitsa pulena, ndinagulitsa matchizulo a bambo anga, ndinagulitsa foni. Manja aja achemwali ankawatama anayamba kunjenjemera moti msomali ndinkaulephera kuugwira. Munthu wa m'chipinda choyandikana nane anamwa botolo loipa, m'mawa anadzuka akufunsa amene wazimitsa magetsi, dzuwa lili phwee. Anamunyamula, sitinamuonenso. Ine madzulo ake ndinagula kwa wogulitsa yemweyo. Masiku ena ndinkadzuka matiresi atanyowa, ine bambo wa ndevu zanga, nkungolitembenuza.

Dikisoni anabwera kamodzi ndi uthenga. Anati Baba anakanena kupolisi kuti ndathawa, achemwali anawafunsa mafunso, ndipo Baba wanenetsa kuti, womubweretsa ndiwe, umubweze, ukapanda kutero ekiziti palibe. Mukuganiza ndinatani? Ndinamugwira Dikisoni malaya nkumuuza kuti akadzangoulula kumene ndili, ndidzamutchula kuti wondithawitsa ndi iyeyo. Atapita ndinamwa mpaka kuiwala dzina langa. Disembala inadutsa achemwali ali m'khitchini ya eni.

Tsono apa ndiyende pang'onopang'ono.

Linali tsiku la mu Januwale, masana, kamphepo kozizira kaja kakulowa pansi pa chitseko. Ndinali chigonere, botolo lili pambali. Wina anagogoda papulaiwudi. Apolisi sagogoda choncho, mwini nyumba sagogoda nkomwe. Nditatsegula ndinapeza ndi achemwali, atavala yunifolomu ya ntchito, mpango wakuda kumutu. Dikisoni anali atagonja nkuwauza kumene ndinali, ndipo madamu, mkazi wa Baba, anawalola kutuluka kwa kanthawi ndi dalaivala wa panyumba.

Analowa. Pokhala panalibe, ndiye anangoima pakati pa matiresi ndi khoma. Fungo la m'menemo ine ndinali nditalizolowera, koma ndinaona mphuno zawo zikulimva. Anayang'ana botolo, anayang'ana matiresi, anayang'ana manja anga. Ndinayamba kulongolola. Ndinati achemwali pepani, ndikukonza, pali munthu wandilonjeza mapepala, mungondipatsa mwezi umodzi.

Iwo anakweza manja nkuyamba kumasula mpango, pang'onopang'ono, mfundo yoyamba, yachiwiri. Anauchotsa.

Mutu unali mpala. Achemwali anga amene tsitsi lawo ankalisamala ngati munda, mutu uli mbee, ndipo kumbuyo kwa khutu kunali mabala awiri a lezala, pamene dzanja silinkaona. Mukudziwa kwathu chimene chimametetsa mkazi chotero. Mowa wonse unandithera nthawi yomweyo.

Ndinafunsa kuti, “Ndani?”

Anati, “Ukufunsa ndani? Unasiya angati akudwala?”

Ndinakhala pamatiresi ponyowa pomwepo.

Anati, “Amayi anatisiya sabata yatha. Foni inandipeza ndikusita. Ndinagwada kwa Baba, ndinagwira mapazi ake, iye anati bweretsa mlongo wako. Madamu anamunyengerera mpaka anafewa, koma pamene amati khalasi, basi pita, kumudzi anali ataika kale. Maliro sadikira siginecha, Lameki. Anzathu anameta pamodzi pabwalo. Ine ndameta ndekha m'bafa la antchito, chitseko chokhoma, kulira motsitsa kuti ana a eni asadzuke. Ndiye Baba anabwereranso pa mawu ake, akuti poti maliro apita, ndidikire iwe.”

Ndinati ndilankhule, anandiletsa ndi dzanja.

“Sindinamalize. Bokosi anakhoma ndi anyamata a pamsika, usiku umodzi, matabwa aawisi. Akuti silinapalidwe nkomwe, anthu onyamula linkawabaya m'manja. Vanishi linalibe. Mkazi wa kalipentala, mayi wa kalipentala, kupita m'bokosi ngati la tomato. Mwana wawo ali ku Qatar, akuwalitsa mfuti za eni.”

Anapisa m'thumba la yunifolomu, anatulutsa lezala lokulunga m'kapepala, nkuliika pamwamba pa botolo langa. Anamanganso mpango. Ali pakhomo anati, “Ana anga sindinawaone zaka zitatu. Ine sindikupempha. Ndangobwera kuti udziwe.” Ndinamva mapazi awo akutsika masitepe, kenako galimoto ikunyamuka.

Ndinakhala ndikuyang'ana zinthu ziwirizo, lezala pamwamba, botolo pansi. Kuti nditenge botolo ndinayenera kuyamba ndagwira lezala. Sindikunamizani kuti ndinaona kuwala kapena ndinamva mawu. Ndinangoona kuti sindingathe kulisuntha lezalalo nkuliika pambali ngati chitsekerero. Ndinapita kubafa, ndinameta mutu ndi manja onjenjemera omwewo, ndinadzicheka ponseponse, magazi ndi sopo kutsikira m'maso. Mmenemo ndi mmene ndinalirira amayi anga. Sadiki ndinamuthira m'chimbudzi, osati chifukwa cha mphamvu, koma chifukwa ndinadziwa kuti akagona m'chipindamo, mawa kwa Baba sindipita.

M'mawa ndinayenda wapansi mpaka ku Rawdat Al Khail, nkukaima pageti. Baba anatuluka, anayang'ana mutu wanga, anaitana achemwali kuti amasulire. Anatilowetsa mu majilisi. Mfuti ija inali mu kabati, pakati pa zinzake zakuda, ikuwala yokha ngati dzino lagolide.

Baba ankalankhula, achemwali nkumandiuza, maso awo ali pakhoma. “Akuti kachidindo unachotsa kaja ndi ka munthu amene anaiyesa mfutiyo isanapite kunkhondo, ndiko kamasonyeza kuti thabwalo ndi lake lenileni. Akuti zilembo zija anajoba ndi msilikali amene anainyamula, munthu woti anafa kalekale, ndipo mwina padziko panalibenso china chimene dzanja lake linasiya. Akuti mfuti yosaomba ndi thabwa ndi chitsulo basi, zimene iye anagula ndi zipserazo.” Baba anaonjeza mawu ena, achemwali anazengereza, kenako anati, “Akuti bukra uja amafuna akuuze zimenezi, akudule malipiro, nkukuchotsa ku majilisi. Za apolisi unaziyamba ndiwe pothawa.”

Abale, miyezi yonse ija, maliro a amayi, mutu wa achemwali, ndinkathawa kudulidwa malipiro.

Mlandu suola. Popeza dzina langa linali kale kupolisi, Baba ananditengera yekha kumeneko, ndipo ndinakhala m'selo masabata angapo. Thupi linkafuna mowa, ndinkasanza, ndinkaona nyerere zikuyenda pakhoma pomwe panalibe nyerere. Bambo wina wa ku Sudan, womangidwa pa nkhani zake, ankandigwira mutu nkumandimwetsa madzi a shuga. Ndili momwemo ndinamva kuti Baba wasaina ekiziti ya achemwali tsiku lomwe ndinalowa. Sindinena kuti anali mngelo, munthu woletsa mwana kukaika mayi ake. Koma mawu ake anasunga, kenako anachotsa dandaulo lake, nkundilola kusamukira ku kampani ya magadi. Ambiri mwayi umenewo saupeza, amakwezedwa ndege, ndiye musati mudalire kuti zidzakuyenderani ngati ine.

Zimene ndimachita tsopano ndi zazing'ono. Nambala yanga ya foni sindisintha, ndipo foniyo sindizimitsa, kuti uthenga woipa uzindipeza nthawi yake. Malipiro akalowa, khadi ya ku banki ndimasungitsa kwa abambo a Phiri ali apawa, chifukwa ndimadzidziwa, Lachinayi madzulo, wikendi ya kuno ikamayamba, khosi limayabwabe. Njira ya ku Old Airport sindidutsa, ngakhale basi ikhale yachidule. Lachisanu ndimabwera muno pa msonkhano wathuwu, kaya ndatopa. Ndipo bwana akanena chinthu chimene sindikuchimvetsa, ndimafunsa chifukwa chake, ngakhale ndioneke wopusa. Inu amene maso ali pachitseko, ngati akukuzunzani, njira zodandaulira zilipo, tikhala pansi tikuperekezeni. Koma musanaponye simu khadi mu ngalande, mufunse kuti anakuimirani ndani kuti mufike kuno, chifukwa moto mukuusiyawo ukaotcha iyeyo.

Achemwali anapita, ndipo kuno sanabwererenso. Ali kumudzi ndi ana awo, amagulitsa zitenje. Kwa nthawi yaitali foni yanga ankangoiyang'ana. Chaka chatha anayankha, ndipo tsiku lina ananditumizira chithunzi cha manda a amayi. Pali mtanda wa matabwa awiri osapala, wopendekeka, msomali umodzi wopindika, dzina lolembedwa ndi penti yotsalira, chilembo chomaliza chochita kupanikizika chifukwa malo anatha.

Nditachiona manja anayamba kundiyabwa. Ndinaimba nthawi yomweyo. Ndinati, “Achemwali, kontirakiti ikatha ndikubwera. Mtanda umenewo ndidzauzula, ndidzapanga wina wa mlombwa, wosalala, zilembo zojoba bwino, vanishi wosaopa mvula. Amayi agone pa chinthu chooneka.”

Ndinkamva nkhuku kumbali kwawoko. Kenako anati, “Lameki, ndinakukhululukira, tsitsi linamera. Ubwere, udzagwade, udzalire, udzalambule udzu. Koma mtandawo usaukhudze. Anapanga ndi anthu amene analipo.”

Ndinati ndamva, achemwali. Ulendo uno ndamvadi.